Momwe mungasankhire ng'oma ya bodhrán yolira bwino

Bodhrán ndi ng'oma ya ku Ireland yooneka ngati lichero, yokutidwa chikopa mbali imodzi yokha. Woimba amaikhazika pantchafu, dzanja limodzi lili m'kati kukanikiza chikopa, linalo likumenya ndi kamtengo kotchedwa cipín. Kale inkamveka kwambiri pa 26 Disembala, anyamata akamayenda khomo ndi khomo, mpaka katswiri wopeka nyimbo wa ku Ireland, Seán Ó Riada, anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1960. Lero masitolo a alendo ku Dublin adzaza nazo, koma zambiri n'zokongoletsera khoma basi.

Choyamba, musakopeke ndi zojambula. Ng'oma yopakidwa zeze kapena masamba pachikopa nthawi zambiri imalira ngati katoni. Ine zimandipweteka kuona munthu wataya ndalama pa yoteroyo, kenako n'kumaganiza kuti manja ake ndiwo olephera.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, ndi chikopa. Chodziwika bwino ndi cha mbuzi. Chisisiteni ndi chikhatho: chikhale chosalala, chofewa, chopanda mabala. Chiyang'anitseni kowala kuti muone ngati pena n'chopyapyala kuposa pena. Kenako ikani dzanja m'kati, muzikanikiza uku mukumenya. Ng'oma yabwino imasintha mawu, kuchoka pa kugunda kwakuya kufika pa kulira kwapamwamba. Ikangolira mofanana paliponse, isiyeni. Mukaona tepi yakuda m'mphepete musadabwe ayi, amaika dala kuti ichepetse kulira kwa nsete.

Funsaninso ngati ili ndi zokungira. Kwathu ng'oma ikalefuka timaiwamba pamoto, koma iyi musayerekeze, chikopa chingang'ambike. Ku Ireland kumachita chinyezi panja pamene m'nyumba muli zotenthetsera, choncho chikopa chimalefuka ndi kuuma mosinthasintha. Yokhala ndi zokungira m'kati mwa thabwa mumangopotokola ndi dzanja kapena ndi kasipanala, yabwerera m'malo.

Kukula kwake, zakale zinali za mainchesi 18, koma ambiri masiku ano amakonda za 14 mpaka 16, zakuya pang'ono. Ikwane bwino pakati pa ntchafu ndi mkono wanu. Ng'oma zina zimakhala ndi mitengo iwiri yopingasana ngati mtanda m'kati; ngati mtandawo ukutchinga dzanja, sankhani ya mtengo umodzi kapena yopanda.

Pomaliza, gulani kwa wopanga kapena m'sitolo ya zoimbira yomwe angakuloleni kuyesa. Malachy Kearns wa ku Roundstone, ku Connemara, ndi Seamus O'Kane wa ku County Derry ndi ena mwa opanga odziwika. Pa Fleadh Cheoil, chikondwerero cha nyimbo za ku Ireland chochitika mu Ogasiti, mungathe kugwira ng'oma zambiri tsiku limodzi n'kuzifananitsa. Ngati mukuitanitsa pa intaneti, pemphani kanema wa ng'oma yomweyo ikulira, ndipo musaiwale chikwama chake ndi timitengo tiwiri kapena titatu tosiyana kulemera.