Mmene mungayezere kuchepa kwa madzi oundana pa Kilimanjaro muli ku Johannesburg

Chipale chofewa chimene chinagwa mu Johannesburg pa 10 July 2023 chinasungunuka mofulumira. Madzi oundana a pansonga za mapiri ndi ena: amaunjikana zaka mazanamazana n'kulimba ngati thanthwe. Kum'mwera kwa Africa kuno kulibe otere, ngakhale ku Lesotho, choncho tiyeni tiyeze a pa Kibo, nsonga ya Kilimanjaro. Mu 1912 ankakuta masikweya kilomita 11.4, koma pofika 2011 anatsala 1.76. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri moti ena amangouluka ngati nthunzi osasanduka n'komwe madzi.

Mufunika laputopu, pulogalamu yaulere ya mapu yotchedwa QGIS, ndi akaunti pa EarthExplorer, webusayiti ya bungwe la boma la America la USGS, komwe zithunzi za setilaiti za Landsat sizilipiritsidwa. Chithunzi chathunthu chimadya data yambiri, ndiye tengani ma band awiri okha (band ndi gawo la chithunzi lojambulidwa mu mtundu umodzi wa kuwala) pa Wi-Fi ya kusukulu kapena ku laibulale. Pa zaka za 1984 mpaka 2011 gwiritsani ntchito Landsat 5, band 2 (yobiriwira) ndi band 5. Kuyambira 2013 tengani Landsat 8, band 3 (yobiriwira) ndi band 6. Landsat 7 isiyeni ngati chithunzicho ndi cha pambuyo pa May 2003, chifukwa chipangizo china chinawonongeka ndipo zithunzi zake zili ndi mizere yopanda kanthu.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa kusankha tsiku. Pa Kilimanjaro mvula imagwa March mpaka May, kenako October mpaka December, ndipo pansonga imagwa ngati chipale. Mukatenga chithunzi cha mu May, phiri lonse lioneka loyera, inu n'kulemba kuti madzi oundana awonjezeka, pomwe mwayeza chipale cha dzulo. Sankhani kumapeto kwa chilimwe, cha mu September kapena February, tsiku lopanda mitambo pansonga, ndipo zaka zonse zimene mukuyerekeza zikhale za mwezi umodzimodzi. Ngakhale mu September, yang'anani kaye ngati miyala ya pakati pa chigwa cha pansonga ikuoneka yakuda. Ikayera, fufuzani tsiku lina.

Mu QGIS tsegulani Raster Calculator. Ngati mwatenga zithunzi za Collection 2 Level-2, chulukitsani band iliyonse ndi 0.0000275 ndi kuchotsera 0.2 musanachite china. Mukalumpha apa, zotsatira zonse zipotoka. Kenako werengerani NDSI, nambala yosonyeza pamene pali chipale ndi madzi oundana: band yobiriwira kuchotsera inayo, mugawe ndi zonse ziwiri mutaziphatikiza. Madzi oundana amawala m'band yobiriwira koma amada m'inayo, pamene mitambo imawala m'zonse. Timabokosi ta m'chithunzi (ma pixel) topitirira 0.4 ndiye madzi oundana. Kabokosi kalikonse ndi mamita 30 mbali zonse, kutanthauza masikweya mita 900. Werengani timabokosito, chulukitsani ndi 900.

Musakhulupirire kompyuta pa zonse. Mthunzi wa maphedi umabisa madzi oundana, nyanja nazo zimatha kupitirira 0.4, ndipo pa mapiri monga a ku Andes ena amakutidwa ndi miyala n'kusaoneka. Malo otere konzani malire ndi dzanja mukuyang'ana chithunzi chenicheni. Dziwaninso kuti njirayi imayeza kufalikira kokha, osati kuchindikala, pomwe a pa Kibo akupyapyalanso. Pa malo ang'ono chonchi timabokosi ta m'mphepete timasokoneza kwambiri, choncho yerekezani zithunzi zotalikirana zaka khumi kapena kuposa, osati chaka chino ndi chatha.