Kulowa mu kompyuta ya Linux pa sikirini yakuda

Aphunzitsi ena a ku Nchalo afunsa kuti kompyuta ya Linux ya kusukulu kwawo ikayaka ikungoonetsa sikirini yakuda yolembedwa "login:". Alowe bwanji?

Aphunzitsi, kompyutayo sinafe ayi. Lembani dzina lanu lolowera, nthawi zambiri limakhala la zilembo zing'onozing'ono, kenako dinani Enter. Pabwera "Password:". Apa ndiye ambiri amasokonezeka, chifukwa mukamalemba sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi. Nzadala zimenezo, kuti mwana woima kumbuyo kwanu asadziwe n'kutalika komwe kwa mawu anu achinsinsi. Ingolembani modekha, n'kudinanso Enter.

Ikayankha "Login incorrect", yang'anani kaye ngati Caps Lock, batani lopangitsa zilembo kukhala zazikulu, yayaka. Komanso fumbi la kuno ku Chigwa limagwiritsa mabatani, ndiye dinani mwamphamvu pang'ono. Pulogalamu ya login imafananitsa zomwe mwalemba ndi zosungidwa mu /etc/shadow, fayilo yosunga mawu achinsinsi mobisika, ndipo chilembo chimodzi chikaphonyeka basi yakana.

Mukaona chizindikiro cha $, mwalowa. Chikakhala #, mwalowa ngati root, woyang'anira wamkulu wa kompyutayo, mutha kufufuta chilichonse, choncho dzanja lisamafulumire. Mukamaliza lembani exit musanadzuke pampando.