Moni wanu akumveka bwanji kwa amene mukumupatsayo?

Ambirife timangoponya "muli bwanji" tikuyenda osaima n'komwe, ndiye timaona ngati tapereka ulemu, pomwe winayo wamva zina. Yambani ndi kumvetsera yankho, musathamangire kupitiriza ulendo. Munthu akati "tadzuka pang'ono" kapena "tilipo" kapena "choncho basi", imani kaye. Agogo ambiri sanganene poyera kuti mwendo sunawagonetse usiku wonse, amadikira inuyo mufunse kachiwiri kuti kodi m'thupi mukuvuta? Mukangoyankha zikomo n'kudutsa iwo amamva kuti mwanayu alibe nane ntchito, ndipo zimawapweteka kwambiri ngakhale sangakuuzeni.

Mukafika pakhomo pa eni nenani odi, dikirani akuyankheni, akupatseni mpando kapena mphasa. Kumudzi mwininyumba ndi amene amayamba kupereka moni mlendo atakhala pansi, ndiye inu mukayamba kufunsa aliyense muli chiimire anthu amaganiza kuti muli pachangu, mwina mwabwera ndi uthenga wa maliro. Khalani pansi, moni abwera yekha. Pogwirana chanza ndi wamkulu dzanja lamanzere ligwirizire mkono wamanja, azimayi ambiri amagwada kapena kunyonyomala pang'ono, ndipo munthu ngakhale ali m'modzi ngati ndi wamkulu ndi "inu", osati "iwe".

Pali timawu tina tomwe timanena ndi mtima wabwino koma timabaya. "Mwasowatu!" inu mukutanthauza kuti tinakusowani, koma achimwene amene akhala ku Joni nthawi yaitali zinthu zisakuwayendera, osatumiza ngakhale ya sopo, amamva ngati mukuwaimba mlandu. Onjezerani msanga kuti takondwa kukuonani, mwayenda bwanji, asanayambe kudzitchinjiriza. Chimodzimodzinso "mwanenepatu", kwa azakhali a kumudzi ndi kuyamikira kuti moyo ukukuyenderani, mukudya bwino, koma mtsikana wa m'tauni yemwe m'mawa uliwonse amathamanga kuti achepetse thupi abwerera kunyumba atakhumudwa. Ngati simukumudziwa bwino munthuyo ingonenani kuti mukuoneka bwino, zakwana.

Pa WhatsApp ndiye pali vuto lake. Kulemba "moni" yekha kenako ziii kudikira kuti ayankhe, makamaka kwa munthu yemwe simunalankhule naye kalekale, iye amangoti eee uyu akufuna ngongole, ndipo ena sayankha dala. Lembani moni ndi nkhani yanu mumeseji imodzi, ngati mukungowaona nenani kuti palibe vuto ndimangokuonani. Ndipo chonde "bho" ndi "shapu" musungire anzanu a kumpira, apongozi kapena abusa alembereni mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, ngakhale zikuoneka zazitali.

Mukapita ku Mzuzu kapena ku Rumphi yesani "monire" ndi "muli uli", ku Mangochi kwa Ayao "ali uli". Ngakhale mutapotoza lilime amakusekani pang'ono koma amakondwa kuti mwayesa.

Pamaliro pokha pasakhale "muli bwanji" kwa anamfedwa, angayankhe kuti chiyani? Lowani mwakachetechete, khalani pansi nawo, nenani pepani. Nkhani zina zonse, ngakhale munthu simunaonane naye zaka, mukakambirane panja mwambo ukatha.