Mmene mungatsatire kamtsinje kokwiririka ka Lækurinn ku Reykjavík

Pakati pa mzinda wa Reykjavík, pachilumba cha Iceland, pali kamtsinje kotchedwa Lækurinn kamene madzi ake simungawaone. Mu 1911 kanatsekeredwa m'ngalande ya pansi, ndipo pamwamba pake pakudutsa msewu wa Lækjargata. Kuti mukatsatire, muziyang'ana mmene nthaka yakhalira ndi mayina a misewu. Mtunda wake sukwana kilomita imodzi.

Yambirani kumwera. Madziwo amachokera ku dambo la Vatnsmýri, pafupi ndi bwalo la ndege la mumzindamo, n'kulowa m'kanyanja ka Tjörnin. Kaimeni pangodya ya kumpoto chakummawa kwa kanyanjako, pafupi ndi nyumba ya zisudzo ya Iðnó. Chapamenepo ndi pamene kamtsinjeka kankatulukira.

Kenaka lowerani kumpoto motsata Lækjargata. Kumanja kwanu nthaka izikhala yokwera, kumanzere izikhala yafulati. Mukaona kuti mwayamba kukwera chitunda, dziwani kuti mwasochera, chifukwa kamtsinjeka kankadutsa m'munsi mwenimweni mwa chitundacho.

Kufulatiko kukufotokoza chifukwa chimene anakakwiririra. Kamtsinjeka kanalibe potsetsereka pokwanira, moti nyanja yamchere ikadzadza, madzi ake ankabwerera chammbuyo mpaka kukafika mu Tjörnin. Anthu ankatayiranso zonyansa mmenemo. Madzi oyenda mwaulesi, odzadza ndi zinyalala, nthawi zina n'kusefukira m'misewu: fungo lake silinkafuna kufunsa.

Muchepetse liwiro mukafika pa Menntaskólinn í Reykjavík, sukulu yakale ya matabwa yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1846. Kamsewu koyang'anizana nayo ndi Skólabrú, ndipo kanatenga dzina la mlatho umene ophunzira ankawolokerapo. Mlatho wina unali m'munsi mwa Bankastræti. Pafupi ndi Skólabrú, mu 2015, akatswiri ofukula zakale anapeza maziko a nyumba yaitali ya m'nthawi ya anthu oyamba kukhazikika pachilumbachi. Ngati muli ndi nthawi yoima pamalo amodzi okha, imani pano.

Kutsogolo pang'ono, pabwalo la Lækjartorg, pali nyumba yoyera ya miyala ya Stjórnarráðið, yomwe inamangidwa kuti ikhale ndende cha m'ma 1760, koma pambuyo pake inasanduka ofesi ya nduna yaikulu.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amapitirira mpaka kunyumba ya zoimbaimba ya Harpa poganiza kuti kumeneko ndi kumene kamtsinjeka kankathira m'nyanja. Ayi ndithu. Gombe lakale linali chapamsewu wa Hafnarstræti, ndipo malo ambiri a kumpoto kwake ndi dothi ndi miyala yochita kuthirapo, makamaka kuyambira pomanga doko pakati pa 1913 ndi 1917. Choncho tengani mapu a m'zaka za m'ma 1800 muwafananize ndi atsopano, mutenge tchalitchi cha Dómkirkjan ngati chizindikiro chosasuntha.

Mu Disembala dzuwa limaoneka maola pafupifupi 4 okha, ndiye nyamukani chakumasana. Kukachita mdima kupendekeka kwa nthaka sikuoneka bwino.