Momwe mungaberekere pachifuwa mwana wobadwa masiku asanakwane

Mwana akabadwa mimba isanafike masabata 37, kapena sikelo yake ikapanda kukwana makilogalamu 2.5, chimene chimamuvutitsa msanga ndi kuzizira. Khungu lake n'lopyapyala, mafuta amene amatenthetsa thupi la wakhanda amakhala asanakwane, ndipo mutu wake, womwe ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lonse, umataya kutentha mofulumira. Akazizidwa, mkaka umene ukanamukulitsa umathera pofunditsa thupi. Kenako amafooka n'kusiya kuyamwa.

Njira yoberekera mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu, yomwe anamwino amaitcha kangaroo, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene Dr Edgar Rey anaona kuti makina otenthetsera ana sakukwanira pachipatala chake. Kuno kwathu inafikira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ndipo chipatala cha Gulupu ku Blantyre chinachita nawo, anapeza kuti tiana tochepa kwambiri tikayamba kangaroo titangobadwa, imfa zimatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake kuyambira 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuyamba nthawi yomweyo. Nazi zoyenera kuchita mukabwerera kunyumba.

1. Muvuleni mwana. Sambani m'manja ndi sopo, kenako mumusiyire thewera, chipewa ndi masokosi basi. Ambiri apa amakaika, amati kamwana kakang'ono chonchi nkukavula bwanji. Koma kutentha kukuchokera pakhungu lanu, ndipo kamalaya kalikonse kokhala pakati pa inu ndi iye kamatchinga kutenthako. Inunso vulani kamisolo.

2. Muikeni pakati pa mawere. Akhale choimirira, chifuwa chake chikhudze chanu, miyendo ndi manja zopindika ngati chule. Mutu utembenukire mbali imodzi, chibwano chikhale chokwezeka pang'ono. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri: khosi la mwana wotere n'lofewa, ndipo mutu ukagwera kutsogolo mpaka chibwano kugunda chifuwa, njira ya mpweya imapanikizika. Nkhope yake muziiona nthawi zonse mukaweramitsa maso.

3. Mangani ndi chitenje. Tonse tinakula tikuona ana akuberekedwa kumsana, kumeneko n'kwa mwana amene wakhwima. Apa chitenje chimadutsa kumsana kwa mwana n'kukamangidwa kumsana kwa mayi, choncho masiku oyamba pamafunika wina womanga mfundo. M'mphepete mwa chitenje cham'mwamba mudutse m'munsi mwa khutu la mwana kuti mutu usagwedezeke. Pachifuwa pake mangani zolimba kuti asaseleleke mukaimirira, koma pamimba pasathine, poti wakhanda amapuma ndi mimba. Pamwamba valani malaya otsegula kutsogolo, kukazizira muonjezere bulangete.

4. Akhale pamenepo usana ndi usiku. WHO imati maola 8 mpaka 24 patsiku, ndipo akachuluka m'pamene zimathandiza. Mumuchotse posintha thewera, posamba inuyo ndi popita kuchimbudzi. Pogona, tsamirani mapilo kapena mabulangete opinda kuti mukhale ngati mwakhala chotsamira, osagona chagada kwenikweni kapena chafufumimba.

Kunena zoona, mayi yekha sangakwanitse. Wangochira kumene, mwina anachitidwa opaleshoni, ndipo madzi, nkhuni ndi ana ena zikumudikira. Mabanja ena amasiya kangaroo msanga, ngakhale akudziwa ubwino wake, chifukwa womulandira mayi palibe. Gwirizanani mwana asanatuluke m'chipatala kuti azigawana ndani. Bambo a mwana, agogo, azakhali, aliyense wamkulu amene alibe chimfine, chifuwa kapena zilonda zapakhungu angathe kubereka. Abambo amene amati anzawo awaseka akumbukire kuti zimenezi zimachitikira m'nyumba, ndipo chifuwa chawo chimatentha chimodzimodzi. Wobereka asaphike pamoto kapena kukhala pa utsi wa mbaula mwana ali pachifuwa.

5. Muyamwitseni maola awiri kapena atatu alionse. Usiku womwe. Ana otere amakonda kugona ndipo salira njala ngati anzawo, ndiye musadikire kulira, mudzutseni. Masulani chitenje pang'ono kuti afike kubere.

Ngati akutopa msanga poyamwa, finyirani mkaka m'kapu yotsukidwa bwino ndi madzi owira. Mumukhazike chotsamira pamkono, mugunditse kapu pamlomo wam'munsi mpaka mkaka ukhudze milomo, iye azinyambita yekha. Osathira mkaka m'kamwa, angatsamwe. Muyeso wake muutenge kwa anamwino chifukwa umatengera sikelo ya mwana. Madzi, tiyi, phala kapena mankhwala azitsamba ayi, mpaka atakwana miyezi isanu ndi umodzi. Mwana amene akukhuta amanyowetsa matewera kasanu ndi kamodzi kapena kuposa patsiku.

6. Musafulumire kumusambitsa m'beseni. Ingomupukutani ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, muumitse, mumubweze pachifuwa. Alendo obwera kudzaona mwana amuonere pomwepo, osamalandizana m'manja.

7. Muzimuyang'ana. Gwirani mapazi ake ndi kuseri kwa dzanja lanu. Akazizira, onani ngati khungu likukhudzanadi, muonjezere chofunda, mugwirenso pakatha ola. Amene ali ndi choyezera, kutentha koyenera ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5.

Thamangirani kuchipatala, mwana ali pachifuwa pomwepo, mukaona izi: wasiya kuyamwa, wazizira osafunda kapena watentha thupi, akupuma mothamanga kokwana 60 pamphindi kapena nthiti zikulowa m'kati, akumasiya kupuma n'kusintha mtundu, akugwedezeka ngati wakhunyu, walefuka osadzuka, chikasu chafika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena pamchombo pafiira ndi kutuluka mafinya. Zimenezi sizidikira kuti kuche.

Masiku a sikelo amene mwapatsidwa musaphonye ngakhale mwana akuoneka bwino. Pakatha masiku oyamba amene ana amatsikako pang'ono, ayenera kumaonjezera pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndipo zimenezo ndi maso simungazione.

Nthawi yosiya amakuuzani ndi mwana yemwe. Akamayandikira makilogalamu 2.5, kapena masiku amene akanabadwa akakwana, amayamba kutukuta, kutulutsa manja ndi kulira mukamumanga. Mukaona zimenezo, kafunseni anamwino pa sikelo yotsatira musanamasule chitenje.