Kupita ndi ana kuphiri m'nyengo ya chiperoni

Ine ndimakhala kufupi ndi Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo mu June ndi July mtima umandiwawa ndikaona ana akukwera ku Dziwe la Nkhalamba atavala kamalaya kamodzi ndi masilipasi. Dzuwa likhoza kuwala m'mawa, koma chiperoni sichiodira. Nkhungu ikatsika kuchokera ku nsonga ya Chambe, mnzanu amene ali patsogolo simumuonanso, mawawa ayamba, miyala yaterera.

Nyamukani m'mamawa, ndipo pofika 3 koloko mukhale mukutsika, chifukwa miyezi imeneyi kumada 6 koloko isanakwane. Mwana aliyense avale juzi, chipewa ndi nsapato zogwira pansi. Zovala zina zouma muziike m'jumbo, mumange kukamwa. Wamkulu mmodzi patsogolo, wina kumbuyo, ndipo muziwawerenga anawo paliponse pamene mwapumula. Ngati mukupitirira dziwe, tengani wolondolera njira ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula. Za Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phirili, mamita 3,002 uko, ndi ana aang'ono musayerekeze.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi madzi a m'dziwe lija. Ndi akuya, ozizira ngati a mufiriji. Chaka china mwana wa achemwali anga anasamba pang'ono chabe, n'kukhala pamwala ndi kabudula wonyowa, mphepo ikumuomba. Poyamba mano ankagundana, milomo itada. Kenako anangoti zii, kuyankha mwaulesi, akuti, "Amalume, ndigoneko pang'ono." Apo m'pamene pali ngozi. Mwana wozizidwa akasiya kunjenjemera n'kumasinza, sikuti wapeza bwino, thupi latha mphamvu.

Zikatero, muvuleni zonyowa zonse, mumupukute, mumugunditse pachifuwa panu khungu ndi khungu, mufunde limodzi bulangete kapena zitenje ziwiri, mutu wake womwe. Ngati akutha kumeza, mumwetseni tiyi wofunda wa shuga. Ine sindikwera popanda fulasiki. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuyandikize pamoto, ndipo zoti kachasu amatenthetsa thupi ndi bodza. Akakhala kuti sakuyankha bwino, munyamuleni mosamugwedeza, ulendo wa kuchipatala.

Mukafika kunyumba, mbaula yamakala isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Otherani pakhonde, ndipo pokagona muizimitse kapena itsale panja.