Momwe mungapezere ndalama pojambula agalu ndi amphaka moseketsa mu Mzuzu muno

Ngati anzanu amafa ndi phwete mukawaonetsa galu amene mwamujambula ndi pensulo kapena penti atavala jekete akupalasa kabaza, dzanja lanulo likhoza kukudyetsani.

Yambani ndi ziweto zapafupi: galu wapakhomo, mphaka wa oyandikana nawo, ngakhale tambala wa agogo. Zojambula zisanu zabwino zakwana. Ziikeni pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti anthu aone.

Kenako phunzirani kufunsa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Kasitomala akakutumizirani chithunzi cha pafoni, musathamangire pensulo. Mufunseni dzina la chiwetocho ndi zimene chimachita zoseketsa banja lonse. Wina adzati galu wake amaba usipa pambaula, wina adzati mphaka wake sachoka pampando wa bambo. Nthabwala yanu ichokere pamenepo. Kuveka galu aliyense chipewa kumatopetsa, koma mphaka atakhala mwachifumu pampando uja, bambo ataima pambali nyuzipepala ili m'manja, chimenecho eni ake adzachipachika pabalaza. Nkhope yokha musaisinthe. Khutu lopindika lija, banga la pamphuno lija, zikhalepo. Mwini akalephera kuzindikira chiweto chake, ntchito yonse yapita m'madzi.

Kumbukirani chinyontho cha mzinda uno, kumene mvula imagwabe mpaka mu Epulo. Pepala limapindika ndi kuchita nkhungu. Gwiritsani ntchito penti wa acrylic, amene amauma msanga, ndipo zomalizidwa muzizisunga m'pulasitiki. Gwirizanani ndi kalipentala mmodzi, kaya ku Chibavi kaya ku Luwinga, azikukhomerani mafulemu.

Pa mtengo, werengerani penti, pepala, fulemu, wa kabaza wokapereka, ndiponso maola anu, amene ambiri amawaiwala. Landirani theka pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanayambe, ngakhale wopemphayo ndi msuweni wanu. Mutumizireni chojambula cha pensulo avomereze, ndipo muuzirenitu kuti kusintha kwaulere ndi kamodzi.

Zikayamba kuyenda, kalankhuleni ndi eni malo ogona alendo ku Nkhata Bay kuti mupachikeko zitsanzo, ndipo kafunseni ku khonsolo ya mzinda za chiphaso cha bizinesi.

Tsiku lina kudzabwera munthu ndi chithunzi cha galu amene anafa. Ameneyo mufunseni kaye ngati akufuna choseketsa kapena akungofuna kuonanso nkhope ya galu wake monga analili.